Khungu Liti, Achimwene?

Chipinda chimene a Manotsi ankagwiriramo ntchito chinali chothinana. Piyano inatenga khoma la kuzenera, mapepala anatenga tebulo lonse, ndipo mipando iwiri yotsalayo inkasenza mabuku, moti mlendo aliyense ankacheza chiimirire. Eni ake sankaonapo vuto. Ankati mlendo ukamupatsa mpando wamupatsanso tsiku lako.

Dzina loti Manotsi anawapatsa ndi anthu a kwaya ya kutchalitchi imene ankaitsogolera. Ukawadandaulira kuti pakutipakuti pakuvuta kuimba, iwo ankangogogoda pepala ndi pensulo n'kunena kuti, "Manotsi sanama." Luso anali nalo, tisawadye miseche pachabe. Anakhala kunja zaka khumi ndi ziwiri akuphunzira kupeka nyimbo za magulu akuluakulu a zoimbira, aja mumaona anthu makumi anayi atakhala mozungulira, awa ndi mavayolini, awa malipenga, awa zitoliro, wina kumbuyo akudikira theka la ola kuti amenye ng'oma kamodzi kokha. Kumeneko anabwerako ndi zinthu ziwiri, luso ndi makani, ndipo kumene china chalowa chinzake sichinkatsala pakhomo.

Chaka chimenecho kunabwera ntchito imene ankailota. Mkulu wina wopanga mafilimu achikhristu anawapempha kuti apeke nyimbo za filimu yake yatsopano, za kwaya ndi zoimbira pamodzi. Filimuyo inali ya munthu wokonza mawotchi, wopemphera kuyambira ubwana, amene maso ake anayamba kuchita mdima pang'onopang'ono mpaka anafika pokangana ndi Mulungu. Chakumapeto munthuyo amagwada m'kashopu kake, pakati pa mawotchi amene akungowamva osawaona, ndipo kwa mphindi zinayi satulutsa liwu.

"Pamenepo," anatero mkulu wa filimuyo, "nyimbo yanu ndiyo imupempherere."

A Manotsi atamva zimenezi anazindikira kuti nkhaniyi inali ya kwawo. Mayi awo anakhala osaona zaka zisanu ndi zinayi zomaliza za moyo wawo, ndipo zaka zonsezo iwo anali kunja. Amene ankawasambitsa mayiwo, kuwatsogolera ndi kuwawerengera Baibulo anali mlongo wawo wamng'ono, mayi wosoka zovala, yemwenso ankaimba aluto m'kwaya. Iwo ankangoti ndibwera chaka chamawa, chaka chamawa, mpaka anafika patapita masiku anayi chiikireni maliro. Chilondacho sichinapole, anangochiphimba ndi ntchito. M'kalata ina mlongo wawoyo anawalembera kuti Amayi m'mawa uliwonse amakhala m'mphepete mwa bedi n'kupemphera kuti, "Ndichotseni khungu, Ambuye." Mawu amenewa ndiwo anawasankha kuti akhale nyimbo ya wokonza mawotchi uja. Mkulu wa filimu sanamuuze kumene anawatenga, koma mumtima ankadziwa kuti akulira maliro amene sanalire, ndipo ankafuna kuti aliyense womva nyimboyo alire nawo.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kotere: zoimbira poyamba, mawu pambuyo. Anatha milungu isanu akuonera mphindi zinayi zija mobwerezabwereza, wotchi ili m'manja, akulemba pamene munthuyo wawerama, pamene wakweza nkhope, pamene dzanja lake lagwira m'mphepete mwa tebulo. Kenako anaumba nyimbo ya mavayolini, ikuyambira pansi, ikukwera, ikubwerera, ikukweranso. Atakhutira nayo m'pamene anatenga mawu aja n'kuwayala pansi pa manotsi, ngati munthu wogula nsapato kaye kenako n'kumasaka phazi. Liwu loti khungu linagwera pachimake penipeni. "Khu" anamuika pansi, "ngu" anamukweza m'mwamba n'kumusiya pomwepo nthawi yaitali, malipenga n'kulowa. Ndipo anabwereza chomwecho katatu.

Lachiwiri lina masana mlongo wawo anabwera kudzatenga mapepala a kwaya. Iyeyo kuwerenga manotsi sankatha, choncho achimwene akewo anamuimbira pa piyano kuti amve mmene nyimbo ikuyendera. Anamvetsera ataimirira, chikwama chili m'khwapa. Atazindikira mawu a mayi ake misozi inalengeza m'maso. Koma nyimbo itafika pachimake paja, nkhope yake inasintha.

"Tabwerezani pamenepo, achimwene."

Anabwereza.

"Khungu liti limeneli?"

"Ukuti chiyani?"

"Ndikuti khungu liti? La m'maso kapena la pathupi?"

Apa ndiime kaye. Mawu awiriwa papepala ndi amodzi, koma pakamwa ndi awiri. Khungu la m'maso limayambira pamwamba n'kugwa, khungu la pathupi limayambira pansi n'kukwera. Zimenezi palibe amene anaziphunzira m'kalasi, timangoyamwira. A Manotsi nawonso polankhula sankaphonya. Kungoti akakhala pa piyano ankamva ndi maso.

"Mmene mwalemberamu," anapitiriza mlongo wawoyo, "munthuyu akupempha Ambuye kuti amusende ngati mbuzi."

A Manotsi anaseka, koma kunali kuseka kwa munthu amene wapondedwa chala. "Pemphero limakwera kumwamba, iwe. Ukufuna ndilitsitsire pansi? Nyimbo zingati za m'tchalitchi zimapinda mawu, anthu n'kumaimba bwinobwino?"

"Zilipo zambiri. Koma mawu ena ukawapinda amangopindika, awa ukawapinda amasanduka ena. Ndiye inu mwawaika poyera, mwawakoka, mwawabwereza katatu. Tangosinthanitsani manotsi awiriwo, wapamwamba ayambe."

"Manotsi awiriwo ndiwo asenza nyimbo yonse. Malipenga akulowera pamenepo. Ndikawatembenuza ndagwetsa nyumba." Anatseka piyano. "Iwe umaimba choloweza. Zosoka ndinakusiyira, zanyimbo undisiyire."

Mlongo wawo ananena motsitsa kuti, "Mawu amenewa ine ndinawamva m'mawa uliwonse zaka zisanu ndi zinayi. Inu munawamva kangati?"

Mwina akanasankha mawu ena, koma munthu wonyozedwa sasankha mwala wogendera. Funsolo linakanda pachilonda penipeni. Kuyambira pamenepo a Manotsi sankatetezanso nyimbo, ankateteza chilondacho.

Loweruka kwaya inakumana m'holo ya tchalitchi, anthu makumi atatu. Ataimba mzere uja koyamba, kumbuyo kwa matena kunamveka kachifuwa kosadziwika mwini wake. A Manotsi anaika pansi kandodo kawo kotsogolera nyimbo.

"Ndamva kuti pali ena akuti mzerewu uli ndi vuto. Amene akuona vuto aimike dzanja."

Funso lotere silifuna yankho, limafuna kudziwa adani. Anthu anayang'ana mapepala awo ngati awaona koyamba. Wapampando wa kwaya, bambo wa besi wodziwa kusunga mtendere, anati, "Ayi bambo, nyimboyi ndi yokoma zedi. Ine tsitsi likuchita kuima." Ena anavomereza, "Zoonadi, zoonadi."

Dzanja limodzi lokha linakwera, pamzere wa aluto.

"Achimwene, ndinanena kwanu kuja, ndinenanso pano. Anthu akaseka. Ndipo akakhala akuseka Amayi."

"Pano palibe achimwene. Pano pali wotsogolera nyimbo. Ngati sungaimbe zimene zalembedwa, khomo ndi ilo."

Mayiyo anapinda pepala lake bwinobwino, analisiya pampando, natuluka. Palibe anamutsatira, palibenso anakweza mutu. Kwaya inapitiriza, ndipo tsiku limenelo inaimba momvera kuposa kale lonse.

Pali chinthu chimodzi chimene a Manotsi sanauze munthu kwa nthawi yaitali. Kutatsala tsiku limodzi kuti ajambule, m'mawa, ali okha m'chipinda muja, anatchula liwulo mokweza. Analitchula la m'maso, analitchula la pathupi. Kenako anaimba mzere wawo, ndipo anamva zimene mlongo wawo anamva. Anatembenuza manotsi awiri aja n'kuyesa. Nyumba sinagwe. Nyimbo inatsika pang'ono ulemerero, malipenga akanafunika kuchedwa pang'ono, basi. Inali ntchito ya maola atatu ndi chofufutira. Anagwira chofufutiracho. Ndiye anaganiza za kwaya, mmene akaimire pamaso pa anthu omwe aja n'kunena kuti telala uja ankanena zoona. Anaganiza za funso lija, munawamva kangati. Anabweza chofufutira m'kabati. Anadziuza kuti zoimbira makumi anayi zikalira pamodzi, chithunzi chili pamaso, palibe amene angakhale ndi nthawi yomvetsera kakukwera ka liwu limodzi.

Tsiku lojambula linali lokongola, ndisaname. Situdiyo inadzaza. Oimba zoimbira ambiri anachita kuwaitanitsa kutali, ndipo chinenero cha nyimboyo sankachimva. Kwaya inaima kumbuyo pamasitepe, aliyense atavala zomvera kumutu, ndipo kutsogolo chinsalu chachikulu chinkaonetsa wokonza mawotchi akugwada, kuti nyimbo iyende limodzi ndi chithunzi. A Manotsi anakweza kandodo. Mavayolini anayamba pansi ngati munthu akuusa moyo, masopulano analowa, mabesi anawayalira, ndipo malipenga atalira mpweya wa m'chipindamo unachita kunjenjemera. Kuseri kwa galasi wojambula mawu anayang'ana mkulu wa filimu, mkulu wa filimu anayang'ana wojambula mawu. Aliyense anadikira kuti mnzake ayambe. Kenako mkuluyo anadziuza kuti munthu wophunzira zaka khumi ndi ziwiri sangaphonye chinthu chimene iye, wosadziwa notsi n'imodzi yomwe, wachimva. Mwina nyimbo zapamwamba zimatero. Anaimika chala chachikulu. A Manotsi anatsika pabokosi limene anaimapo maso ali ofiira, akunena chamumtima kuti, Amayi, ndakulirani.

Filimu inaonetsedwa koyamba Loweruka lina masana, m'holo yaikulu imene mazenera ake anawatchinga ndi nsalu zakuda. Munadzaza abusa, amayi a m'mipingo, ochita sewerolo ndi abale awo. A Manotsi anakhala mzere woyamba atavala suti. Kwa ola limodzi ndi theka zinthu zinayenda bwino. Pamene wokonza mawotchi anagwetsa kachitsulo kakang'ono n'kuyamba kukapapasa pansi, zitoliro zikulira motsitsa, anthu ambiri anatulutsa mipango.

Ndiye munthu uja anagwada. Kwaya inalowa. Khungu loyamba litakwera holo inangoti zii, anthu akufunsana ndi maso ngati amva bwino. Khungu lachiwiri litakwera, mayi wina kumbuyo, amene mwina ankaganiza kuti akunong'ona, anati, "Aa! Amusende?" Kunamveka kuseka kobisa, apa ndi apo. Khungu lachitatu linafika ndi malipenga onse, lalitali, lonyada, ndipo holo yonse inaphulika. Anthu anagwirana mapewa. M'busa wina anabisa nkhope mumpango, msana ukugwedezeka, ndipo sikunali kulira. Pachinsalu wokonza mawotchi anali chigwadire, misozi ikutsika, anthu mazana atatu akufa nalo phwete pamaso pake.

Musawaweruze anthu aja. Sanabwere kudzanyoza. Munthu amene wasunga misozi ola lathunthu amakhala ngati chidebe chodzaza, ukachigunda pang'ono chimatayikira mbali iliyonse. Koma a Manotsi sanaone choncho. Iwo anamva anthu mazana atatu akuseka mayi awo ali m'mphepete mwa bedi, ndipo amene anawatulutsira pabwalo kuti asekedwe anali iwo eni. Manyazi anali nawo, koma chimene chinawatsamwitsa chinali chisoni. Anakhala chikhalire mpaka magetsi atayaka, natulukira khomo la m'mbali.

Lolemba mkulu wa filimu anabwera ku chipinda chija pamodzi ndi wapampando wa kwaya. Anaima, popeza pokhala panalibe.

"Bambo, nyimbo ija tiichotsa," anatero mkuluyo. "Oimba zoimbira aja anabwerera kwawo, sitingawasonkhanitsenso, ndipo filimu akuidikira m'maholo ena sabata ino. Tayesa kuchotsa kwaya yokha, koma paja munajambulira pamodzi, mawu analowerera paliponse. Pamalo paja pangotsala kulira kwa mawotchi."

A Manotsi anavomera ndi mutu. Kenako anatembenukira kwa wapampando. "Tandiuzani zoona. Inu munamva?"

Bamboyo anayang'ana nsapato zake. "Tinamva, bambo. Tsiku loyamba lomwe."

"Nonse?"

"Tonse. Matena mpaka anaipatsa dzina. Ankati nyimbo ya kubutchala."

"Nanga paja munati tsitsi likuchita kuima?"

"Linkaimadi, bambo. Ndi mantha."

"Bwanji simunanene?"

"Poyamba tinkaopa kukukhumudwitsani. Kenako tinaona zimene zinamuchitikira amene ananena."

Mkulu wa filimu naye anakonza kukhosi, nati iyenso anamva kanthu pojambula paja, kungoti anaona ngati si malo ake. A Manotsi anawerenga chamumtima: kwaya yonse, wojambula mawu, mkuluyu. Onsewo anawamwetulira, anawagwira chanza, anawaperekeza mwaulemu mpaka padzenje. Anafuna kukwiya, koma anakumbukira chofufutira chili m'kabati, mkwiyo n'kusowa polowera.

Panapita masiku atatu asanalimbe mtima. Lachinayi masana anapita kwa mlongo wawo. Anamupeza pakhonde, ali pa makina osokera, mapini ali pakamwa, akupinda mpendero wa diresi ya munthu. Sanadzuke. Anangowakankhira mpando ndi phazi.

"Wamva?" anafunsa a Manotsi atakhala.

Anachotsa mapini pakamwa. "Ndamva. Makasitomala akhala akundiimbira pano, osadziwa kuti mwini nyimbo ndi achimwene anga."

"Sunabwere kudzaonera."

"Sindikanatha kukhala pamenepo anthu akuseka. Ndinakhala pompano, ndinkangoyang'ana nthawi. Itakwana ndinalira ndekha."

A Manotsi ankayembekezera kumva kuti paja ndinanena. Akanakonda atamva, akanapeza poyambira mkangano. Koma mayiyo anangobwerera ku mpendero wake, makina n'kumalira.

"Ndinakulakwira, mlongo wanga. Ndinakuthamangitsa pamaso pa anthu."

"Zimenezo n'zazing'ono. Inenso funso lija ndinakulasani nalo dala."

"Linali funso loona." Anayang'ana manja awo. "Sindinawamvepo ngakhale kamodzi. Tandinenera mmene Amayi ankanenera."

Mlongo wawo anaimitsa makina. Anatseka maso, nanena mawuwo motsitsa, liwu lija likuyambira pamwamba n'kugwa ngati munthu akutula katundu. Munalibe kukuwa. Anati Amayi sankapemphera ngati akuitana munthu wa kutsidya, ankalankhula ngati Ambuye akhala nawo pabedi pomwepo.

"Koma pempherolo silinkathera pamenepo," anatero. "M'kalata muja ndinalemba theka."

"Theka linalo?"

Anazengereza, akusalaza nsalu imene inali yosalala kale. "Ankati, 'Ndichotseni khungu, Ambuye, ndidzamuone mwana wanga akadzabwera.' Ine ankandiona ndi manja tsiku lililonse, achimwene. Amene ankamudikira ndinu. Sindinalembe chifukwa ndinkaopa kuti musiya sukulu. Tsiku lija m'chipinda mwanu ndinaganiza zokuuzani, poti mukanawonjezera mawu amenewo palibe akanafunsa kuti ndi khungu liti. Koma munatseka piyano."

A Manotsi anagwira pakamwa. Munthu amene sanalire pamanda, sanalire m'holo, analira pakhonde la telala dzuwa likuswa mtengo, odutsa mumsewu akucheuka. Mlongo wawo sanawatonthoze. Anawasiya alire, popeza misozi imeneyo inali itachedwa zaka zambiri, kenako anawapatsa kansalu kotsala posoka kuti apukutire.

Filimu ija inayenda m'maholo ambiri ndipo anthu anaikonda. Ena amati mbali yokhudza kwambiri ndi ija wokonza mawotchi amagwada popanda nyimbo iliyonse. Dzina la a Manotsi limaoneka kumapeto pakati pa mayina ena, koma nyimbo imene anapekera mayi awo palibe amene adzaimvenso. Inafera manotsi awiri.

Ine ndikaganiza za nkhaniyi sindidabwa kwenikweni ndi makani a bamboyu, chifukwa tonse timauma pamene pali chilonda chathu. Chimene chimandiopsa ndi ulemu wa anthu aja. Okuombera m'manja sasowa, ndipo ambiri amaomba akuona dzenje lili patsogolo pako. Koma amene amalolera kuti umukwiyire, umuchititse manyazi, umulozere khomo, kusiyana n'kukuonerera ukugwa, ameneyo ndiye wako, ngakhale mawu ake awawe chotani. Akuluakulu anaziona kalekale: wakutsina khutu ndi mnansi.